Momwe mungalembere ndi kusunga mbiri ya bambo wa banja lachitaliyana la ku America amene wamwalira atakalamba

Bambo akamwalira ali ndi zaka 90 kapena kuposerapo, banja limakhala ndi masiku awiri kapena atatu okha oti lilembe mbiri yawo, chifukwa ku America kampani yoyendetsa maliro imafuna mawu oti iike pa intaneti ndi m'nyuzipepala tsiku loona nkhope lisanafike. M'changu chotere mbiri zambiri zimatuluka zofanana: malemu anali okonda banja lawo, olimbikira ntchito ndiponso opemphera. Mawuwa amakhala oona, koma angathe kunenedwa za bambo wina aliyense wa mumsewu womwewo, ndipo mdzukulu amene adzawawerenge patapita zaka makumi atatu sadzawaonamo agogo ake. Malangizo awa ndi a mwana, mdzukulu, mkamwini kapena mtengwa amene wapatsidwa ntchito yolemba, ndipo mfundo yake ndi imodzi, yakuti moyo wautali umakumbukika ndi zinthu zenizeni zimene zafufuzidwa bwino, monga dzina la mudzi, ntchito ya manja, chaka ndi chizolowezi cha munthuyo.

Choyamba, banja ligwirizane za munthu mmodzi wogwira cholembera, ena onse akhale omuthandiza ndi nkhani. Wolembayo adziwe kuti akufunika zolemba zitatu zosiyana. Pali chidziwitso chachifupi cha m'nyuzipepala, pali mawu olankhula pamaso pa anthu pa maliro, ndipo pali mbiri yaitali ya banja lokha, imene ingathe kudikira miyezi ingapo. Ambiri amavutika chifukwa choyesa kuthira zonse m'cholemba choyamba, motero chimatupa, chimadula ndalama zambiri, komabe chimasiya anthu ena akudandaula kuti sanatchulidwe.

Chachiwiri, tsimikizani mayina ndi zaka musanalembe chiganizo chilichonse chokometsera. M'mabanja ochokera ku Italy nkhani ya mayina imasokoneza kwambiri, pa zifukwa ziwiri. Chifukwa choyamba n'chakuti munthu mmodzi amakhala ndi mayina angapo: m'buku la ubatizo ndi Giuseppe, kusukulu ndi ku usilikali ndi Joseph, kuntchito ndi Joe, ndipo anzake a ubwana amamudziwa ndi dzina lina la nthabwala limene silinalembedwe paliponse. Salvatore ankasanduka Sam, ndipo Vincenzo nthawi zina ankasanduka James, dzina losafanana n'komwe ndi loyambalo. Chifukwa chachiwiri ndi mwambo wa kum'mwera kwa Italy wotcha mwana wamwamuna woyamba dzina la agogo ake aamuna a kuchimuna, ndipo mwana wamkazi woyamba dzina la agogo ake aakazi a kuchimuna komweko. Abale atatu akakwatira, aliyense amakhala ndi mwana wa dzina limodzi lomwelo, wobadwa m'zaka zoyandikana, m'dera limodzi. Choncho mukapeza chikalata chokhala ndi dzina la bambo anu, musakondwere msanga; onani tsiku lobadwa ndi dzina la mayi awo, chifukwa chikhoza kukhala cha msuweni wawo. M'chidziwitso cha m'nyuzipepala lembani dzina la m'makalata a boma, kenako dzina limene anthu ankawaitanira, kuti mnzawo wakale wa kufakitale awazindikire ndi kubwera ku maliro.

Mabanja ambiri amanena kuti dzina la makolo awo linasinthidwa ndi alembi a pa Ellis Island, chilumba cha ku New York pamene osamuka ankafikira ndi kulembedwa. Nkhani imeneyi musailembe ngati yoona popanda umboni, chifukwa alembi a pachilumbacho sankalemba mayina atsopano. Ankangoyang'ana pa mndandanda umene kampani ya sitima inalemba kale kudoko lonyamukira. Mayina ambiri anasintha pambuyo pake, kusukulu, kuntchito, kapena pamene munthu ankapempha unzika.

Chachitatu, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo, pezani mudzi kapena tawuni imene banja linachokera. Kulemba kuti makolo anachokera ku Italy n'kosakwanira, pakuti dziko la Italy linagwirizana kukhala ufumu umodzi mu 1861 pomwe, ndipo anthu amene anasamuka ankadzidziwa ndi mudzi wawo ndi woyera mtima wa tchalitchi chawo kuposa ndi dzikolo. Pakati pa 1880 ndi 1924 anthu oposa mamiliyoni anayi anachoka ku Italy kupita ku United States, ambiri mwa iwo ochokera kum'mwera, ku Campania, Calabria, Basilicata, Puglia, Abruzzo ndi Sicily, kumene umphawi ndi kusowa malo olima zinali zadzaoneni. Lamulo la ku America la 1924 linachepetsa kwambiri chiwerengero cha ololedwa kulowa. Izi zikutanthauza kuti bambo amene wamwalira masiku ano ali ndi zaka za m'ma 90 kawirikawiri anabadwira ku America komweko kwa makolo osamuka, kapena anabwera yekha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Magulu awiriwa ali ndi mbiri zosiyana: woyamba anakulira m'nthawi ya mavuto aakulu a zachuma a m'ma 1930 akulankhula chilankhulo cha kumudzi kunyumba ndi Chingerezi kusukulu, pamene wachiwiri anaona nkhondo ali mwana ku Italy ndipo anaphunzira Chingerezi ali wamkulu kale. Dziwani gulu la bambo anu musanapitirire.

Yambani kufufuza m'nyumba momwemo, m'bokosi kapena m'diloo mmene malemu ankasunga mapepala. Satifiketi ya unzika, pasipoti yakale, makalata okhala ndi chidindo cha positi ya ku Italy, ndi timakadi ta mapemphero a maliro a achibale, zonsezi zimatchula malo. Kenako pitani pa intaneti. Ellis Island inkalandira anthu kuyambira 1892 mpaka 1954, ndipo mindandanda ya okwera sitima imafufuzidwa mwaulere pa tsamba la bungwe la Statue of Liberty-Ellis Island Foundation. Mindandanda ya pambuyo pa 1907 ndiyo yothandiza koposa, chifukwa imatchula tawuni yobadwira, dzina la wachibale wotsala kumudzi, ndi munthu amene wosamukayo ankapita kukafikira. Kumbukirani zinthu ziwiri. Akazi a ku Italy sataya dzina la bambo awo akakwatiwa, choncho agogo aakazi muwafune ndi dzina lawo lobadwa nalo, ngakhale ana amene anali nawo pa ulendowo analembedwa ndi dzina la mwamuna wawo. Komanso si onse anatsikira ku New York. Ena anafikira ku Boston, Philadelphia kapena Providence, ndipo ambiri a ku Sicily anafikira ku New Orleans.

Mukadziwa tawuni, tsamba la Antenati, la nyumba zosungira zolemba zakale za boma la Italy, lili ndi zithunzi za mabuku a kubadwa, ukwati ndi imfa a matawuni ambiri, ndipo silipiritsa. Kum'mwera kwa Italy boma linayamba kulemba zimenezi mu 1809, ndipo ku Sicily mu 1820. Kumbali ya America, zolemba za kalembera zimatsegulidwa kwa anthu onse pakapita zaka 72, motero kalembera wa 1950 anatulutsidwa pa 1 Epulo 2022. M'kalembera wa 1940 mukhoza kupeza bambo anu ali mnyamata, pamodzi ndi nambala ya nyumba, ntchito ya bambo awo, ndi alendo ogona amene banja linkasunga kuti lipeze ndalama ya lendi. Chiganizo chimodzi chotchula msewu weniweni wa ku South Philadelphia, North End ku Boston, Federal Hill ku Providence, The Hill ku St. Louis kapena Arthur Avenue ku Bronx chimadzutsa chikumbumtima cha okalamba kuposa ndime yonse ya matamando.

Chachinayi, ngati malemu anali msilikali, funani chikalata chowatulutsa ku usilikali tsiku lomwelo la imfa, chifukwa kampani ya maliro imachifuna kuti ipemphe ulemu wa asilikali. Kwa amene anatuluka kuyambira 1950, monga ambiri a nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953, chikalatachi ndi DD-214. Ulemuwo ndi waulere: asilikali osachepera awiri ovala yunifomu amapinda mbendera n'kuipereka kwa wamasiye kapena mwana wamkulu, ndipo pamalira lipenga la Taps, nyimbo yotsanzikira msilikali. Chikalatacho chikasowa panyumba, amapempha ku National Personnel Records Center ku St. Louis, koma dziwani kuti moto wa pa 12 Julaye 1973 unatentha mafayilo pakati pa mamiliyoni 16 ndi 18 kumeneko, kuphatikizapo pafupifupi 80 peresenti ya mafayilo a asilikali a pamtunda amene anatuluka pakati pa 1912 ndi 1960. Choncho pepala lachikasu limene mwalipeza m'diloo likhoza kukhala lokhalo lotsala, ndipo lijambulidwe musanalipereke m'manja mwa wina aliyense. Musalembe udindo kapena mendulo zimene simunazione pa pepala, chifukwa nkhani za usilikali zimakula zikamakambidwa pa tebulo.

Palinso nkhani ina ya nthawi ya nkhondo imene okalamba ambiri sankakonda kuikamba. America italowa nkhondo mu Disembala 1941, Ataliyana pafupifupi 600,000 amene anali asanatenge unzika analembedwa ngati nzika za dziko la adani, ndipo ankayenda ndi ziphaso zapadera, pamene ana awo ambiri anali atavala yunifomu ya America. Ku California asodzi analetsedwa kupita kunyanja, kuphatikizapo bambo a katswiri wa baseball Joe DiMaggio. Chiletso chachikuluchi chinachotsedwa mu Okutobala 1942. Ngati agogo anu anali m'gulu limeneli, nkhaniyo ndi ya mbiri yaitali ya banja, ndipo imathandiza kumvetsa chifukwa chake mabanja ena analeka kuphunzitsa ana chilankhulo cha makolo.

Chachisanu, khalani pansi ndi anthu ndipo muwafunse mafunso. Yambani ndi mayi ngati akadali moyo, kenako achemwali ndi achimwene a malemu, chifukwa iwo okha ndiwo akudziwa zaka zimene ana anali asanabadwe. Tsegulani foni ijambule mawu, mutapempha chilolezo, ndipo chitani zimenezi kukhitchini anthu akudya, pakuti m'mabanja amenewa nkhani zimatuluka pa chakudya. Funso lakuti bambo anali munthu wotani limabweretsa yankho lopanda kanthu. Funsani kuti ankadzuka nthawi yanji, ankanyamula chiyani chodya kuntchito, ankakhala mpando uti Lamlungu masana, ankatani mwana akabwera usiku, ndi mawu ati amene ankawabwereza mpaka ana kutopa nawo. Funsani ntchito yawo mwatsatanetsatane: ngati anali mmisiri womanga, ndi nyumba ziti zimene zikadaimabe, ngati anali wometa tsitsi, telala kapena wosoka nsapato, shopu inali pa msewu uti ndipo inatsekedwa chaka chanji, ngati ankatsitsa katundu padoko kapena kugwira m'fakitale ya zitsulo, anali m'nthambi iti ya bungwe la ogwira ntchito. Funsaninso za mabungwe, monga Order Sons of Italy in America (tsopano Order Sons and Daughters of Italy in America), limene linakhazikitsidwa ku New York mu 1905, kapena Knights of Columbus, bungwe la amuna a Chikatolika, chifukwa mamembala ake amafuna kudziwitsidwa kuti abwere pamodzi ku maliro.

Mukatha kufunsa, yendani m'nyumba ndi kuseri kwake muli ndi kope m'manja. M'chipinda chapansi pa nyumba mukhoza kupeza mbaula yachiwiri imene banja linkaphikirapo tomato wa m'mabotolo kumapeto kwa chilimwe, mabotolowo ali pa shelefu ndi chaka cholembedwa pa chivindikiro, ndi choponderamo mphesa chimene chinkatulutsidwa cha mu Seputembala kapena Okutobala mabokosi a mphesa akafika kuchokera ku California. Kuseri kwa nyumba kukhoza kukhala mkuyu umene bambo ankaumanga nthambi ndi chingwe chisanu chisanayambe, n'kuukulunga ndi kapeti yakale ndi pepala la pulasitiki, pamwamba n'kuvundikira ndowa kuti madzi asalowe. Munthu amene wachita zimenezo chaka ndi chaka kwa zaka makumi asanu, pofuna kuti zidzukulu zilawe nkhuyu zochepa, simufunikanso kumutcha wopirira. Ingofotokozani mtengowo ndi ndowayo, owerenga amaliza okha.

Pa mafunso amenewa padzatuluka zowawa: ukali, zaka zimene sankalankhulana ndi mchimwene wawo chifukwa cha nyumba ya makolo, kapena mwana amene anamwalira ali wakhanda. Za mwanayo funsani mayi ngati akufuna atchulidwe, ndipo ambiri amafuna. Mikangano siyenera kupita m'nyuzipepala, komanso musalembe chosemphana ndi chimene aliyense akudziwa. Bambo amene anali waukali angathe kulembedwa kuti anali wolimba pa mwambo ndipo anafewa zidzukulu zitabwera, ngati zinalidi choncho. Nthabwala za zigawenga za m'mafilimu zipewedwe kotheratu, chifukwa amuna a m'badwo umenewo anavutika nazo moyo wawo wonse.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani chidziwitso cha m'nyuzipepala. Ndondomeko yozolowereka imayamba ndi dzina, zaka, tawuni yokhalamo ndi tsiku la imfa, kenako kobadwira ndi mayina a makolo, sukulu, usilikali ndi ntchito, ukwati ndi zaka zake, ziganizo ziwiri kapena zitatu za zinthu zenizeni zimene mwapeza, amene anatsogola kumwalira, otsala, ndipo pomaliza nthawi ndi malo a kuona nkhope, Misa ndi kuika maliro. Mndandanda wa otsala ndiwo umayambitsa madandaulo, choncho tsatirani dongosolo limodzi: mkazi, ana motsatira kubadwa pamodzi ndi akazi kapena amuna awo, zidzukulu, zidzukulutudzi, kenako abale. Mukatchula mdzukulu mmodzi ndi dzina, atchuleni onse, apo ayi lembani chiwerengero chokha. Nyuzipepala zambiri zimalipiritsa motsatira kutalika, ndipo chithunzi chimawonjezera mtengo, motero funsani mtengo musanatumize, ndipo mawu aatali muwaike pa tsamba la kampani ya maliro. Musalembe adiresi ya nyumba, chifukwa akuba amawerenga zidziwitso zimenezi n'kudziwa ola limene nyumba idzakhale yopanda munthu, ndipo lembani chaka chobadwa chokha m'malo mwa tsiku lonse, poopa amene amaba mayina a akufa. Musanatumize, werengani mokweza pamaso pa achibale awiri achikulire, ndipo dzina lililonse litchulidwe chilembo ndi chilembo.

Chachisanu ndi chiwiri ndi mawu a pa maliro. Ku Malawi tinazolowera kuti mbiri ya malemu ndi mawu a mbali zonse za banja zitenge nthawi yaitali mwambo usanathe, koma pa Misa ya maliro ya Chikatolika ku America sizili choncho. Buku la mwambo wa maliro limafuna kuti wansembe alalikire pa mawu a Mulungu, osati kutamanda malemu, ndipo mawu a banja amaloledwa mwachidule, kawirikawiri pambuyo pa kulandira Ukaristia. Maparishi ena salola n'komwe m'kati mwa Misa. Funsani wansembe tsiku loyamba kuti ndi munthu mmodzi kapena ayi, mphindi zingati, ndiponso ngati akufuna kuona mawuwo kaye. Konzani mawu a mphindi zitatu kapena zisanu, olembedwa ndi zilembo zazikulu, okhala ndi nkhani ziwiri zokha, ndipo wina akhale pafupi ndi pepala lofanana kuti apitirize ngati mawu akanika kutuluka. Nkhani zotsalazo zili ndi malo ake madzulo a kuona nkhope, pambuyo pa kolona, ndi pa chakudya cha pambuyo pa kuika maliro. Pa kakadi ka mapemphero kogawira anthu, sankhani woyera mtima amene malemu ankamukonda kapena wa kwawo kwa makolo, monga San Gennaro kwa a ku Naples, Santa Rosalia kwa a ku Palermo kapena Sant'Agata kwa a ku Catania, osati chithunzi choyamba chimene kampani yakuonetsani.

Maliro akatha, ntchito yotsala ndi yosunga. Pitani ku ofesi ya parishi msanga mukalembetse Misa ya tsiku la makumi atatu ndi ya chaka, chifukwa m'maparishi akuluakulu masiku amadzaza miyezi yambiri pasadakhale. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira okhulupirira onse amene anamwalira, mayina amalembedwa m'buku la parishi. Tsiku loyenera kwambiri kukumbukira bambo wotere ndi 19 Malichi, chikondwerero cha Yosefe Woyera, limene ku Italy ndilo tsiku la abambo. Mabanja ochokera ku Sicily amayala tebulo la buledi, nyemba za fava ndi zakudya zopanda nyama n'kuitana anthu kudzadya, ndipo banja lanu lingathe kuchita zomwezo pang'ono chabe, chithunzi cha malemu chili patebulopo.

Zakudya zimene bambo ankaphika zilembedwe mayi kapena azakhali akadali ndi mphamvu. Popeza sankayeza ndi makapu, imani pambali pa wophikayo ndi sikelo, ndipo chilichonse chimene watapa ndi dzanja chiyambe chagwera m'mbale ya pa sikelo chisanalowe mumphika. Zithunzi zilembedwe mayina kumbuyo ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, kenako zijambulidwe ndi sikana n'kusungidwa m'malo atatu osiyana, pamodzi ndi mawu aja munajambula pa foni. Makalata, zithunzi ndi madayale a nthawi ya usilikali angaperekedwe ku Veterans History Project, ntchito yosunga mbiri za asilikali imene inakhazikitsidwa mu 2000 ku Library of Congress, ndipo zolemba za moyo wa osamuka zimasungidwa m'malo monga Immigration History Research Center Archives ku University of Minnesota ndi Heinz History Center ku Pittsburgh. Alembereni kaye kalata musanatumize kanthu.

Ngati nyumba idzagulitsidwe, konzani kuti nthambi za mkuyu zidulidwe nyumbayo isanachoke m'manja mwa banja. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa nyengo yachisanu, masamba asanaphuke. Dulani nthambi za chaka chathachi zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 15 mpaka 20, iliyonse yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi, ndipo muike chizindikiro chosonyeza kumutu ndi kunsi kuti zisabzalidwe chozondoka. Zikwirireni theka m'dothi lachinyezi koma losadikha madzi, pamalo ofunda opanda dzuwa loomba, ndipo mizu imayamba kutuluka pakapita masabata angapo. Dulani zambiri kuposa chiwerengero cha ana ndi zidzukulu zimene zikufuna, chifukwa zina zimaola, ndipo pa mphika uliwonse mumangepo kapepala kolemba dzina la malemu, msewu umene mtengowo unali, ndi chaka chimene nthambiyo yadulidwa.